Diso Lotsala la Elliam

Kalata inafika pa Ulongwe Lachitatu m'mawa, tsiku la khumi ndi chisanu ndi chinayi la mwezi wa Ramazani, chaka cha 1986. Lukiya anali pakhonde la amalume ake, a Bakari, amene ankawatcha amjomba, akupeta mpunga woti aphike madzulo pomasula kusala. Atangoona envulopu, anadabwa. Dzina linali lake ndithu, koma zilembo sizinali za Elliam. Elliam amalemba ngati nkhuku yapalasa pamchenga, pamene izi zinali zilembo zozungulira bwino, za munthu wamkazi.

"Wokondedwa Lukiya, ine ndili bwino. Usabwere kuno ku Nkaya mpaka Idi itadutsa. Uwauze amjomba kuti sindinaphonye ngakhale tsiku limodzi. Ndine wako, Elliam."

Abale inu, munthu amene ali bwino amalembetsa kalata ya chibwenzi kwa wina?

Elliamyu anali mnyamata wogwira ntchito pa njanji ku Nkaya. Anabadwira m'banja la Chikhristu, koma analowa Chisilamu miyezi itatu yapitayo chifukwa cha Lukiya. A Bakari, amene analera mtsikanayu chimwalirire mayi ake, sanakhutire nazo. Anangoti, "Asale Ramazani yonse, osaphonya ngakhale tsiku limodzi, ndiye tidzakambe za ukwati."

Koma tsoka silinunkha. Kutatsala sabata kuti mwezi uoneke, Elliam anabwera kudzathandiza a Bakari kuluka nkhokwe, monga achitira mwamuna wofuna mkazi pamudzi. Nsungwi imene ankapinda inafwamphuka n'kumukwapula m'diso lamanja. Diso linadzaza magazi mkati. Lukiya anamuperekeza kuchipatala ku Balaka, kumene anamupatsa mankhwala odontheza kanayi patsiku ndi mapilitsi omwera madzi ambiri. Anamuchenjeza kuti magazi otere amatha kulimbitsa diso mpaka kulipha.

Panalinso china chimene ankachidziwa Lukiya yekha pamudzi ponsepo. Diso lamanzere la Elliam linali lokongoletsa nkhope chabe. Chikuku chidaliwononga ali mwana, n'kusiyamo kadontho koyera kamene sukanakaona usanayandikire. Linkangosiyanitsa usana ndi usiku basi. Diso limene nsungwi inamenyalo ndilo linali lake lonse.

Belu la njinga linalira pabwalo. Anali Swaibu, mwini golosale ya pamsika, amene anafunsirapo Lukiya kawiri n'kukanidwa kawiri, koma osatopa ngati ntchentche ya pachilonda.

"Salamu aleikumu, a Lukiya. Amjomba alipo?"

"Aleikumu salamu. Apita kumunda."

"Ayi, ndimangodutsa. Dzulo ndinali ku Nkaya kukatenga katundu pasitima. Ndinawaona akuluakulu anu aja." Anayamba wapukuta chishalo cha njinga ndi mpango, kuti nkhani ikome. "Mtsikana wina woyera bwino atawagwira padzanja, akuyenda nawo pang'onopang'ono. Ndinati kaya n'chikondi, kaya n'chiyani. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, a Lukiya. Ife tilipo pompano."

Swaibu ankayembekeza kuona nsanje, ndipo nsanjeyo inabweradi kwa Lukiya. Koma pambuyo pake panabwera mantha. Elliam sanali munthu wogwirana manja ndi mkazi pagulu. Ngati anamugwira padzanja, ndiye kuti sankaona njira.

Anasiya lichero pomwepo. Anauza mkazi wa amjomba kuti akupita ku Liwonde kukasankha nsalu ya Idi, n'kumanga khadi la chipani pamfundo ya chitenje kuopa achinyamata a pasiteshoni. Ku Liwonde sanayang'ane nsalu ya munthu, anangokwera sitima ya ku Nkaya.

* * *

Pakhomo pa kanyumba ka Elliam anapeza mtsikana woyera uja akuchapa beseni. Anali Judith, msuweni wake wa Elliam, amene chiyambire ubwana ankamutcha Elliamyo "amuna anga" monga amachitira asuweni. Ena amanena moseka. Judith sankaseka kwenikweni.

"Mwabwera kudzaona ntchito ya manja anu?" anatero Judith osadzuka. "Amuna anga agona. Kalata simunailandire?"

"Ndailandira, achemwali. Munalemba bwino. Ndiloleni ndilowe."

"Lowani mukamumalize. Munthu akusanza chiyambire dzana, m'mimba mulibe kanthu, madzi akukana. Akuti akufuna kusangalatsa amalume anu. Kwathu tinali naye wamaso, kwanu mwatibwezera wakhungu."

Mawu amenewo anamulasa Lukiya, koma analibe nthawi yolira. Anakankha chitseko.

Pawindo anali atatchingapo chiguduli. Elliam anali atakhala pamphasa, atatsamira khoma, manja onse awiri atagwira mutu. Anali atawonda mpaka kolala ya malaya kuoneka ya mwini wina.

"Judith, tseka chitsekocho, kuwalako kukundibaya."

"Si Judith."

"Lukiya? Iwe, ndinati usabwere!"

"Mukundiona, a Elliam? Ndavala mpango wamtundu wanji?"

Elliam anakweza nkhope, koma anayang'ana pambali pang'ono, pamene panalibe munthu. "Ndikuona ngati utsi. Pakhomopo pali utawaleza wozungulira. Mutuwu, Lukiya, ngati wina akukhoma msomali kuseri kwa diso."

Lukiya anagwada. Anakumbukira zimene anamuonetsa wa zamaso ku Balaka: munthu atsinzine, iwe ukanikize pang'ono pachikope ndi zala ziwiri, kenako uyerekeze ndi diso lako. Anayamba ndi lake, linali lofewa ngati phwetekere wakupsa. Kenako anagwira la Elliam. Linali gwa, ngati gwafa wosapsa.

"Mankhwala aja ali kuti?"

Lukiya anafufuza yekha, ndipo anawapeza m'kachitini pansi pa pilo. Mapilitsi ambiri anali akadali momwemo. Kabotolo kodontheza kanali kasanafike n'pakati pomwe.

"Mayo ine! Mwakhala mukuchita chiyani masiku onsewa?"

"Tsiku loyamba la kusala ndinadontheza m'mawa," anayankha Elliam motsitsa mawu. "Patapita kanthawi ndinamva kuwawa kwa mankhwalawo pakhosi. Lachisanu nditabwera kumzikiti kwanu, ndinamufunsa Swaibu panja. Anandiuza kuti chilichonse chofika pakhosi chaononga swaumu, kusala konse kwa tsikulo kwapita. Ndiye ndinkangodontheza dzuwa likalowa. Mapilitsiwo amandikodzetsa kwambiri, zala zimachita dzanzi, ludzu lake masana silipiririka. Ndinawasiya sabata yoyamba."

"Munafunsa Swaibu? Pa anthu onse a mumzikiti, inu n'kusankha Swaibu? Ashehe munawaopa chiyani?"

"Akanati ndikufuna pothawira."

Ha, chikondi chimapusitsa, anthuni! Mwamuna wanzeru zake, wodziwa kulumikiza njanji sitima n'kudutsa bwinobwino, kukafunsa njira kwa munthu amene akufuna mkazi wake yemweyo.

"Wodwala amaloledwa kumasula, n'kudzabweza masikuwo akachira," anatero Lukiya misozi ili mbwembwembwe. "Mwana aliyense wa kumadarasa amadziwa zimenezi."

"Amjomba ako sananene za wodwala. Anati osaphonya ngakhale tsiku limodzi. Ndasala masiku khumi ndi asanu ndi anayi, Lukiya. Atsala khumi ndi limodzi okha."

"Disoli silifika masiku khumi ndi limodzi! Mwaiwala kuti mulibe lina?"

"Ndikamasula ndakutaya."

"Mukapanda kumasula mudzandikwatira osandionanso mpaka kufa."

Elliam anapukusa mutu, n'kubuula chifukwa kupukusako kunamupweteka. Lukiya anaona kuti mawu atha ntchito. Anadzuka, n'kutunga madzi mumtsuko ndi kapu yachitsulo. Kunja dzuwa linali paliwombo. Mtsikana ameneyu anayamba kusala ali ndi zaka khumi, ndipo anali asanamasulepo dala masana chibadwire. Anagwira dzanja la Elliam n'kuliika pakhosi pake.

"Popeza simukuona, imvani ndi dzanja."

Anamwa. Kholingo linayenda pansi pa zala za Elliam kamodzi, kawiri, katatu.

"Lukiya, wachita chiyani?"

"Ndamasula. Ngati ndi tchimo, ndayamba ndine. Tsopano imwani mapilitsiwa, tinyamuke."

Elliam analira ngati mwana, koma anamwa. Lukiya atatembenuka anaona Judith ataima pakhomo, beseni lili m'manja, akuyang'ana kapu ija.

* * *

Sitima ya ku Blantyre inadutsa pa Nkaya chakumadzulo. Njira yonse Lukiya ankangofunsa, "Mukuona windo? Nanga dzanja langali?" mpaka mayi wina wa dengu la nsomba anamuuza kuti amusiye wodwalayo apume. Kuchipatala chachikulu anamugoneka Elliam n'kumuika diripi yoti ifewetseko diso. Lukiya anakapeza malo kuchisakasa kumene amagona amayi odikirira odwala.

Lachinayi m'mawa anaonana ndi dokotala wa maso, bambo wa imvi m'mbali mwa mutu, wosathamanga poyankhula. Anamugoneka Elliam chagada, n'kumudontheza mankhwala ochititsa dzanzi, kenako anaika padiso kachipangizo konga sikelo kakang'ono. Atawerenga, anavula magalasi ake.

"Diso labwino limakhala pansi pa makumi awiri. Ili, ngakhale ndi diripi ija, lili pa makumi anayi ndi asanu. Mayi, ndinu ndani wake?"

Lukiya anazengereza. "Ndine... tikufuna kukwatirana."

"Ndiye mumve nonse. M'diso muli kasupe wa madzi amene saphwa. Madziwo amatuluka kudzera m'timifuleni tating'ono kwambiri. Magazi a nsungwi ija anaundana n'kutseka timifulenito, ndiye madzi akungodzazana, akufinya mtsempha umene umatumiza kumutu zimene diso laona. Matendawa timawatcha gulokoma. Uyu ndi wobwera chifukwa chovulala, ndipo amathamanga kuposa wa okalamba." Anawalitsa tochi m'diso lamanzere, n'kupumira m'mwamba. "Ili lidapita kale, eti?"

"Kuyambira ndili mwana," anatero Elliam.

"Ndiye tikumenyera limodzi lokhali. Mankhwala okha sangathenso. Mawa ndichita opaleshoni. Nditsuka magazi oundanawo, kenako ndiboola kakhomo kakang'ono pamwamba pa diso, kuseri kwa chikope, kuti madzi apeze potulukira."

"Adzaona, adokotala?" Lukiya anafunsa.

"Sindinama, mwana wanga. Mtsempha umene wafa sudzukanso. Ndikupulumutsa chimene chatsala, ndipo sindidziwa kuti chatsala chochuluka bwanji. Diso likhoza kuchuchanso magazi, kakhomoko kakhoza kudzatsekeka. Koma tikalisiya, pofika sabata yamawa kudzakhala mdima wokhawokha."

Lachisanu anamulowetsa. Sanamugonetse tulo, anangomubaya jakisoni pambali pa diso. Lukiya anakhala pabenchi m'khonde, akupotokola nsonga ya mpango mpaka ulusi kutuluka. Ankaopa. Ankaopa chitseko chikatsekuka, ankaopanso chikakhala chotseka. Anayesa kupemphera, koma mawu onse a Chiarabu amene anaphunzira kumadarasa anamuthawa, n'kutsala ndi a Chichewa okha: "Mulungu, musiyireni ngakhale pang'ono." Za kunyumba, kumene anachoka ponena kuti akukagula nsalu, sanafune n'kuziganiza komwe.

Patapita ola ndi theka anamutulutsa pa machira, diso lamanja ataliphimba ndi thonje ndi kachivundikiro.

"Lukiya, ulipo?"

"Ndilipo."

"Usachoke. Kuno kulibe chilichonse, ndi mawu ako okha."

* * *

Loweruka m'mawa dokotala anabwera kudzamatula. Lukiya anaima kumiyendo kwa bedi, manja atawapanira pachifuwa. Thonje litachoka, diso linali lofiira, lotupa, likutuluka misozi. Elliam anaphethira. Anayendetsa mutu pang'onopang'ono uku ndi uku ngati munthu wofunafuna singano, kenako anaima.

"Wobiriwira," anatero.

"Chiyani?"

"Mpango wako. Unandifunsa ku Nkaya. Ndi wobiriwira, wa maluwa oyera. Ndipo wawonda, iwe."

Lukiya anakhala pansi pasimenti pomwepo n'kulira mokweza, mpaka odwala a mabedi ena anayamba kuseka ndi kuwomba m'manja. Dokotala anagwira diso ndi zala, n'kugwedeza mutu mokhutira.

"Lafewa. Koma tamverani. Akuona ngati munthu wosuzumira m'paipi: kutsogolo kokha, m'mbali mulibe. Chimenecho ndicho tapulumutsa, ndipo n'chosachedwa kutayika. Kwa masabata asanu ndi limodzi, mutu usatsike kupitirira chifuwa. Osalima, osanyamula katundu, osawerama ngakhale pomanga nsapato. Popemphera azikhala pampando, chipumi chisafike pansi. Akawerama, magazi akhoza kudzazanso m'diso, ndipo kachiwiri sindilonjeza kanthu. Mankhwala odontheza, usana ndi usiku, kusala kapena kusasala. Mwamva?"

"Tamva, adokotala," anayankha onse awiri.

Anaphimbanso disolo, nati likhale lotseka mpaka mawa. Elliam anabwerera mumdima wake, koma tsopano ankamwetulira. Anayamba kukamba za nyumba imene adzamange kwa a Bakari, kuti khomo lidzayang'ane kummawa. Lukiya anamuseka kuti ayambe wachira, womanga nyumba wosatha kumanga nsapato.

Chimwemwe chimenecho chinakhala maola atatu okha.

* * *

Belu la oona odwala litalira masana, Lukiya anali akusenda nthochi. Anamva kukhosomola kumene anakudziwa chiyambire ubwana, ndipo nthochi inagwa pansi. A Bakari anali ataima pakhomo la wodi, atavala mkanjo woyera ndi kofia. Kumbuyo kwawo kunali Swaibu, atanyamula kachikwama kawo ngati mkamwini kale.

Lukiya anagwada. "Amjomba..."

"Nsalu ya Idi ija ndi imeneyi?" A Bakari sanakweze mawu, ndipo n'chimene chinaopsa kwambiri. "Masiku atatu ndikufunafuna mwana m'mitsinje. Chikhala kuti Swaibu sanakumane ndi msuweni wa mnyamatayu ku Nkaya, bwenzi ndikulira maliro. Msuweniyo wanena zonse. Akuti unamwa madzi dzuwa lili pamutu, m'nyumba ya mwamuna, n'kukwera naye sitima. Ulongwe yense akudziwa. Wandivula, Lukiya."

Elliam anayesa kudzuka. "Bambo, wolakwa ndine..."

"Khala pomwepo." A Bakari anayandikira bedi, nayang'ana thonje lija nthawi yaitali. Nkhope yawo inafewako pang'ono, pakuti nsungwi ija inali ya nkhokwe yawo. "Za kusala ndazisiya. Ndinapita kwa ashehe, ndipo andiuza kuti wodwala alibe mlandu, adzabweza. Amene anakuuza zina anakunamiza."

Swaibu anayang'ana kudenga ngati akuwerenga malata.

"Koma pakamwa pa anthu sindingapatseke ndi mawu a ashehe," anapitiriza a Bakari. "Akuti Chisilamu chako n'cha pakamwa, unangofuna mkazi. Ndiye imva. Idi yatsala masiku asanu ndi anayi. Udzabwere ku Ulongwe, udzaime pambali panga mumzere woyamba, udzaswali monga Msilamu aliyense, chipumi pamkeka, anthu onse akuona. Ukadzatero, sabata yomweyo timanga ukwati. Malo akowo akadzakhala opanda munthu, kapena ukadzakhala pampando ngati bwana wa kuboma, tsiku lomwelo ndilandira ankhoswe a Swaibu."

"Amjomba, pepani, adokotala anena kuti asawerame masabata asanu ndi limodzi. Akaika chipumi pansi, diso lidzadzazanso magazi."

"Ndikuyankhula ndi mwamuna, iwe."

"Lidzafa, amjomba! Disolo lidzafa!"

"Likafa ndiye kuti Mulungu walemba. Nanga si adapereka awiri? Agogo ako adalima mpaka kukalamba ndi diso limodzi. Diso linali, likundiyang'anali, lili bwinobwino."

Lukiya akanena zoona za diso lamanzere, a Bakari sadzapereka mwana wa mlongo wawo kwa munthu wotsala ndi kadiso kosuzumira m'paipi. Akakhala chete, Elliam akawerama pa Idi. Anayang'ana Elliam, akumupempha ndi maso kuti akane, kuiwala kuti maso akewo Elliam sakuwaona.

"Ndidzabwera, bambo," anatero Elliam. "Mumzere woyamba."

"Ayi, wayankha ngati mwamuna. Tigwirane chanza, Swaibu akhale mboni."

A Bakari anatambasula dzanja, n'kuliimika patsogolo penipeni pa nkhope ya Elliam, kumbali ya diso lamanzere lija, limene linali lotsekula, loyera bwino, likuphethira. Elliam anangokhala, manja ali pabulangete, akumwetulira mwaulemu, akudikira kuti wina ayankhule.

Dzanja lija linakhala m'malere. A Bakari anakwinya nkhope. Lukiya anafuna kukhosomola, kugwetsa kapu, kuchita chilichonse, koma thupi linakana.

Swaibu anaika kachikwama pansi mosapanga phokoso. Anayandikira bedi, nayendetsa zala zake pang'onopang'ono patsogolo pa diso lamanzere la Elliam, kupita uku, kubwerera uku. Diso silinatsatire.

"A Bakari," anatero Swaibu mofatsa, akuyang'ana Lukiya, "tamufunsani mkamwini wanuyu kuti ndaimika zala zingati."